Ndithandizeni kumanga malo a kunyanja ndi holo ya nthabwala mu nkhani yanga ya chidole cholankhula

Mlembi_Wausiku

Moni nonse. Ndikulemba nkhani yoopsa. Mwini nkhani ndi bambo wolankhulitsa chidole pa siteji osagwedeza milomo, aja amati ventriloquist aja. Wapeza ganyu ya nyengo imodzi pa malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, malo ongopeka, omwe ali ndi holo ya nthabwala. Pang'ono ndi pang'ono chidole chikuyamba kunena zimene iye sanakonze, zokhudza mwana amene anamira pamalopo kalekale.

Vuto langa ndi lakuti malowo sakumveka ngati enieni, ndipo chidolecho chikuseketsa m'malo moopsa. Kodi m'kati mwa chidole chotere mumakhala chiyani? Holoyo ikhale yotani? Nanga nyanjayo ndiigwiritse ntchito bwanji kuti isangokhala chokongoletsa?

Msema_Zidole

A Mlembi, yambani ndi chidolecho, chifukwa olemba ambiri amagwera pomwepo. Cha mtundu wakale, chovala suti chija, chimatalika masentimita 90 mpaka 105. Thunthu lake ndi bokosi lopanda kanthu, lokhala ndi bowo kumsana lolowetsapo dzanja. Zonse zili m'mutu. Mutuwo amausema ku mtengo wopepuka wa basswood kapena kuuumba ndi faibala, ndipo pansi pake pali ndodo yotsikira m'thunthumo. Munthu amagwira ndodoyo: akaipotoza mutu umacheuka, akaipendeketsa umawerama. Pa ndodo pomwepo pali tizitsulo tokoka ndi zala. Kamodzi kamakoka chingwe chotsegula chibwano, ndipo sipuling'i kapena lamba wa mphira ndiye amabweza chibwanocho kuti chitseke. Kena kamayendetsa maso kumanja ndi kumanzere. Zidole zodula zimakhala ndi tina ta zikope ndi nsidze.

Miyendo ndi mikono ndi nsalu yoikamo thonje basi, yopanda fupa lililonse loimiritsa thupi. N'chifukwa chake chanucho chikuseketsa ngati mwachithamangitsa m'khonde chitagwira mpeni. Musachiyendetse woŵerenga akuona. Mutu umazuka wonse ukaukoka m'mwamba, ndipo eni zidole ambiri amaukulunga nsalu n'kuuika padera m'sutikesi. Bamboyo agone atachita zimenezo, m'maŵa apeze mutu uli pa thunthu. Zakwana.

Nyanja ikuthandizani pa chinthu chimodzi chachikulu: chinyezi. Mpata wa pakati pa chibwano ndi masaya ndi wa milimita 1 kapena 2, ndiye thabwa likamwa chinyezi n'kufufuma chibwano chimakanirira pakati, osatseka osatsegula. Chingwe cha thonje chikanyowa chimafupika, motero chimatha kukoka pakamwa pang'onopang'ono popanda wochigwira. Sipuling'i imachita dzimbiri n'kuyamba kulira. Mphira imafooka, ndipo tsiku loduka chibwano chimangogwa n'kukhala yasa. Penti nayo imayamba kung'aluka m'mphepete mwa milomo.

Munthu wodziŵa ntchito yake amakonza zonsezi. Amapala m'mbali mwa chibwano ndi sandipepala wosalala, kupakapo phula la kandulo, kusintha chingwe kuika cha nayiloni, kuika timapaketi ta silica gel, timibulu tomwa chinyezi, m'sutikesi. Mumuchititse zimenezi chimodzichimodzi m'mitu yosiyana ya nkhaniyo, chilichonse chithandize kwa usiku umodzi kapena uŵiri. Potsiriza adule chingwe. Chingwe chikaduka sipuling'i imagwira pakamwa potseka, palibenso chokoka. Pakatseguka pamenepo woŵerenga achita mantha, chifukwa mwamuphunzitsa kale kuti sizingatheke.

Kuseri_kwa_Katani

Zimene anena akuluwa n'zoona. Ine ndiwonjezere za mawu ndi za holo.

Palibe amene amaponya mawu. Mawu amachokera pakhosi pa mwini wake, milomo itatseguka pang'ono, mano atatsala pang'ono kugundana, lilime likugwira ntchito yonse. Chimene chimapusitsa anthu ndi ubongo wawo: maso amaloza malo molondola kuposa makutu, ndiye ubongo umapereka mawu ku pakamwa pamene pakugwedezeka. M'holo yokhala ndi masipika zimaphwekanso, poti mawu onse akuchokera m'mbali. M'chipinda chogona, munthu atakhala pafupi, chinyengocho chimafooka. Kumbukirani zimenezi polemba zochitika za kuchipinda.

Zilembo zovuta ndi zofuna milomo: p, b, m, f, v ndi w. Amazizembera ndi lilime. M'malo mwa b amatchula d wofeŵa, m'malo mwa p amaika t, m'malo mwa m amaika n kapena ng', n'kudutsapo msanga kuti khutu la womvera lidzaze lokha chosoŵacho. Pokonza seŵero amachotseratu mawu odzaza ndi zilembo zimenezi. Ndiye m'mitu yoyamba chidole chanu chizipeŵa mawu otere. Tsiku limene chidzanene bwinobwino kuti "mwana wamira m'madzi, bambo", wina wodziŵa lusoli ali m'holomo atembenuke kuyang'ana milomo ya mwini chidole.

China ndi mpweya. Munthu ndi chidole amagaŵana mapapo amodzi, ndiye salankhula nthaŵi imodzi, ndipo chidole sichingalankhule mwini wake akukoka mpweya. Zija zomwa madzi chidole chikuimba musazidalire, ndi matsenga akale a pa siteji ndipo oŵerenga ambiri amadziŵa kuti pali njira yake. Chosatheka ndi mawu aŵiri kupiringizana, mwini akutsokomola chidole chikupitiriza chiganizo. Mboni yabwino ndi mnyamata wa pa makina a mawu. Maikolofoni ndi imodzi, waya wake ndi umodzi. Iye akhoza kuitsitsa mpaka pansi n'kumvabe mawu m'masipika.

Holo yabwino ya nthabwala ndi yaing'ono: mipando 80 mpaka 150, denga lotsika, matebulo ang'onoang'ono othithikana, siteji yokwera masentimita 30 kapena 40, mzere woyamba osapitirira mita imodzi kuchokera pa siteji. Owonerera amakhala mu mdima ndipo m'chipinda mumazizirirako. Kuseka kumapatsirana, ndipo munthu amaseka momasuka akadziŵa kuti sakuonedwa. Denga lalitali limameza phwete. Koma malo ogona alendo kaŵirikaŵiri samanga holo yotere, amangotenga chipinda chodyera n'kuikamo siteji: denga lalitali, mawindo aakulu oyang'ana kunyanja, matebulo otalikirana, mbale zikugundana. Kusankha kwanga n'kumeneko. Bamboyo akulephera kuseketsa chifukwa cha chipindacho, ndipo anthu akuseka pokhapokha chidole chikanena zankhanza. Akufuna kusunga ganyu, ndiye akuchilekerera.

Wolankhulitsa chidole amadana ndi matebulo a m'mbali mwa siteji chifukwa okhala pamenepo amaona kholingo likukwera n'kutsika. Ena amavala kolala yaitali pa chifukwa chomwecho. Ndondomeko ya usiku imakhala yotere: woyendetsa mwambo mphindi 10 mpaka 15, wachiŵiri 20 kapena 25, wamkulu 45 mpaka ola. Kumbuyo kwa holo kumakhala kagetsi kofiira komuuza kuti nthaŵi yatsala pang'ono.

Kusiyana kwa malo a tchuthi ndi kalabu ya m'tauni n'kwakuti alendo ndi omwewomwewo sabata yonse. Seŵero la dzulo silibwerezedwa lero. Ndiye wanthabwala amayamba kuseka alendowo, ndipo nkhani zawo amazitola kwa operekera zakudya ndi oyeretsa zipinda. Apa mwapeza kale chifukwa chomveka chimene chidole chingadziŵire zinsinsi za anthu, mpaka chitanena chimene wantchito aliyense sakuchidziŵa. Ngati mukufuna chitsanzo chenicheni cha malo otere, ŵerengani za mahotela a kumapiri a Catskill ku New York, kumene anthabwala ambiri a ku America anaphunzirira ntchito. Mahotelawo anayamba kufa ulendo wa pandege utatsika mtengo, anthu n'kumapita kutali. Hotela ya Grossinger's inatsekedwa mu 1986, ya Concord mu 1998. Hotela ya zipinda zambiri yokhala ndi alendo ochepa, mbali ina yotsekedwa, ndiyo ikuyenerani.

Mlembi_Wausiku

Zikomo kwambiri akuluakulu. Za chingwe chodulidwa ndi za maikolofoni ndatenga. Chatsala ndi nyanja. M'mutu wa 7 bamboyo akuponya chidole m'madzi usiku, m'maŵa chabwerera. Kodi zimenezi si zakale kwambiri?

Nkhafi_Ziwiri

N'zakale, komanso si zodabwitsa, achimwene. Basswood ndi wopepuka, kulemera kwake sikufika theka la kulemera kwa madzi, ndipo thunthu ndi bokosi la mpweya. Chidole chimayandama. Usiku mtunda umazizira msanga kuposa madzi, mphepo n'kumaomba kuchokera kumtunda kupita panyanja. Dzuŵa likakwera imatembenuka n'kumaomba kubwera kugombe. Choponyedwa usiku chimapita kutali, masana n'kubwerera chokha. Woyendetsa bwato aliyense angamuuze zimenezo. Ndiye chibwerere ndithu, wabwato achitole n'kuseka. Choopsa chikhale chakuti suti yanyowa koma mutu ndi wouma, penti sinatupe, chibwano chikuyenda bwino kuposa kale.

Musanalembe chiganizo china jambulani mapu okhala ndi mitunda yeniyeni: ofesi yolandirira alendo, holo, tinyumba ta alendo, nyumba za antchito kuseri, shedi ya mabwato, doko la matabwa, nyumba ya jenereta, ndi msewu umodzi wolowera. Wanthabwala saikidwa m'chipinda chabwino. Amamupatsa kanyumba komalizira, kosagulika, kapafupi ndi madzi kapena ndi pampu. Lembani kuti kuchokera kuholo kukafika kumeneko ndi mamita 300, ndipo musasinthe.

Mitunda imeneyi ndi yofunika chifukwa cha mawu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Thanthwe likakhala mamita 170 kutsidya kwa kagombe, mawu amabwerera patatha sekondi imodzi. Khoma likayandikira kuposa mamita 17, khutu sililekanitsa mawu obwerera ndi oyamba. Madzulo kukakhala bata, mpweya wa pamwamba penipeni pa madzi umakhala wozizira kuposa wa m'mwamba, ndipo mawu amapindikira pansi m'malo mothaŵira kumwamba. N'chifukwa chake anthu olankhula m'bwato kutali amamveka ngati ali pakhonde. Usiku woyamba bamboyo amve mawu, afufuze, apeze kuti ndi asodzi. Usiku wina aime pa doko, aitane, thanthwe limubwezere mawu ake patatha sekondi monga mwa masiku onse. Kenako limubwezere patatha sekondi yomweyo, koma m'mawu a chidole chimene chili m'sutikesi.

Za mwana womira uja, samalani. Thupi limayamba lamira, kenako mpweya wa kuvunda umalikweza. M'madzi ofunda izi zimatenga masiku ochepa. M'madzi akuya ozizira kwambiri zimatenga masabata, mwina osayandama n'komwe. Ngati mukufuna kuti thupi lisanapezeke, nyanja yanu ikhale yakuya, yotsetsereka mwadzidzidzi pafupi ndi doko. Nyengo ikhale yakumapeto kwa tchuthi, usiku utayamba kuzizira madzi akadali ofunda, chifukwa ndi pamene nkhungu imafuka pamadzi m'bandakucha. Jenereta izizimitsidwa ola lodziŵika. Phokoso limene munthu wazoloŵera likaleka, amayamba kumva madzi akumenya mizati ya doko ndi matabwa akulira pozizira.

Mkonzi_Wokalamba

Ndisiyaneko pang'ono ndi anzangaŵa. Mwapatsidwa zosatheka zisanu: mutu wobwerera pa thunthu, chingwe chodulidwa, maikolofoni, mutu wouma, thanthwe. Mukaika zonse, yachitatu ikamafika woŵerenga wazoloŵera. Zimene bamboyo akuona ali yekha zisiyeni zokayikitsa, poti akhoza kukhala kuti mutu wake ndiye wasokonekera, kapena akuchita yekha osakumbukira. Chosatheka chokhala ndi mboni chikhale chimodzi, cha pa siteji, chakumapeto. Ine ndingasankhe cha maikolofoni.

Komanso musaiŵale kuti chidole ndi munthu wa m'nkhani, si makina okha. Edgar Bergen, wolankhulitsa chidole wa ku America, anatchuka ndi chidole chake Charlie McCarthy pa wailesi kuyambira 1937 mpaka 1956, kumene palibe amene ankaona milomo yake. Anthu ankatsata khalidwe la Charlie, wamwano wonena zimene Bergen waulemu uja sakananena. Chanunso chikhale ndi kalankhulidwe kake, nthabwala zake, ndi dzina lachipongwe limene chimaitanira mwini wake. Nthabwala za m'mitu yoyamba ziseketse zenizeni. Woŵerenga akapanda kuseka nacho poyamba, sachita nacho mantha pambuyo.

Pa nkhope, Masahiro Mori, katswiri wa maloboti wa ku Japan, analemba mu 1970 kuti chinthu chikafanana kwambiri ndi munthu koma osafikapo, chimayamba kunyansa m'malo mokondweretsa, ndipo kuyenda kumakulitsa kunyansako. Ndiye musachipatse mano akuthwa kapena maso ofiira. Chikhale chosemedwa bwino, chomwetulira.

Msema_Zidole

A Mkonzi anena zoona pa nkhope. Ndiwonjezere kamodzi ka maso, a Mlembi. Pa zidole zambiri maso ali ndi sipuling'i yowabwezera pakati chala chikachoka pa kachitsulo. Chidole chokhala pa mpando popanda dzanja m'kati chimayang'ana kutsogolo basi. Ngati woyeretsa chipinda achipeza chikuyang'ana cham'mbali, kuwindo la kunyanja, bamboyo anene kuti sipuling'i yachita dzimbiri, atsegule kachitseko ka kuseri kwa mutu pansi pa wigi, aipeze ili bwinobwino. Zimenezi ziikeni m'mutu wa 3 kapena wa 4, chingwe chisanadulidwe.