Mwana wanga wayamba kuopa masamu, ndimuthandize bwanji?

Mayi a Tadala, Ndirande:
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru chonde. Mwana wanga wamkazi ankakonda masamu ali wamng'ono, ndikamutuma kugolosale chenji ankawerengera yekha. Pano akangoona buku la masamu misozi ili m'maso, akuti mutu wake si wa masamu. Teremu yathayi wapeza 31. Bambo ake akuti ndimamulekerera, chonsecho iwo amafika usiku ndipo ya part time ndimalipira ndine kuchokera pa geni yanga ya tomato. Apongozi nawo akuti kumtundu kwathu kulibe anadziwapo masamu. Ndisinthe wa part time kapena sukulu?

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Mayi, musasinthe chilichonse musanapeze pomwe pathyoka. Madzulo ano mupatseni 402 kuchotsa 178. Akalemba 224 ali bwino. Akalemba 376, akungochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu mumzere uliwonse, kubwereka sanakumvetse. Kenako mufunseni pakamwa 7 × 8, 6 × 9, 8 × 8. Akayamba kuwerenga zala kapena kujambula timizere, vuto ndi matebulo. Mphindi 15 tsiku lililonse, tebulo limodzi pa sabata, ndipo muzimufunsa modumphadumpha. Woloweza ngati nyimbo amayambira pa 7 × 1 kuti akafike pa 56, nthawi ya mayeso n'kutha.

Nabanda wa ku Bangwe:
Koma mwanayo ali kalasi yanji? Simunatiuze.

Achimwene a Limbe:
Aphunzitsi, si zonse matebulo. Ana ambiri amagwa pa Sitandade 5 chifukwa cha Chingerezi. Mwana wodziwa kuchotsa akawerenga "find the difference" sadziwa kuti akufuna kuchotsa, "product" sadziwa kuti ndi kuchulukitsa. Mayi, muwerengereni funsolo m'Chichewa. Akakhoza, chofooka ndi chiyankhulo.

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Achimwene, Chingerezi chilibe mlandu pa 1/2 + 1/3. Palibe liwu pamenepo koma ana amalemba 2/5, kuphatikiza zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Yankho ndi 5/6: pezani LCM ya 2 ndi 3, kutanthauza nambala yaing'ono kwambiri yopezeka m'matebulo onse awiri, ndi 6, zikhale 3/6 ndi 2/6. LCM imeneyo aipeza bwanji wosadziwa matebulo? Ndipo mumuonetse kuti 2/5 ndi yochepa kuposa theka, ndiye sizingatheke kuwonjezera pa theka n'kupeza zochepa. Dulani pepala magawo 6 ofanana aone ndi maso.

Nabanda wa ku Bangwe:
Ngati ali Fomu 1 nkhani ndi ina. Kumeneko chimagwetsa ana ndi manambala a negative. 3 − 5 amalemba 2. Muuzeni kuti ali ndi K3,000 koma ngongole ndi K5,000, aona yekha kuti watsala ndi ngongole ya K2,000, ndiye −2. Akapanda kugwira izi algebra yonse imamuvuta mpaka Fomu 4.

Bambo Phiri, Machinjiri:
Chandipweteka ine ndi mawu a apongoziwo. Musalole anenedwe mwana akumva, amawatenga n'kusiya kuyesa. Ndipo musamuuze kuti adzathawa masamu. Ku MSCE credit ndi 3 mpaka 6, ndipo engineering ya ku MUBAS salowa wopanda credit ya masamu.

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Za MUBAS zili kutali, bambo. Mayi, wa part timeyo amatani? Ngati amangolembetsa homuweki ya tsikulo, ndalama ikupita pachabe. Mumuuze abwerere makalasi awiri m'mbuyo. Tsegulaninso kope muone ngati mwanayo amalemba njira kapena yankho lokha, chifukwa a MANEB amapereka malikisi pa njira.

Mayi a Tadala, Ndirande:
Zikomo nonse. Ndamufunsa, walemba 376 ndipo 7 × 8 wawerenga zala. Bambo ake akuti ndimutumize kwa azakhali ake ku Zomba.

Nabanda wa ku Bangwe:
Ku Zomba asapite, 376 imeneyo ithetsedwe pakhomo. Tengani mitolo ya timitengo 10 pamtolo, ayambe ndi 42 kuchotsa 18, amasule mtolo umodzi ndi manja ake kuti apeze 24. Koma mayi, kalasi ija mutiuzebe.