Thukuta la usiku ndi kumwezi kodumphadumpha, ndi kukula kapena ndadwala?

Mayi wa ku Chilomoni:
Amayi anzanga ndithandizeni chonde. Ndili ndi zaka 47, kumwezi ndikumapita modumphadumpha, miyezi iwiri zii kenako nkubwera kwambiri. Koma chondisowetsa mtendere ndi kutentha, kumayambira pachifuwa kukwera kunkhope ngati ndaweramira mbaula, usiku ndimadzuka chitenje chonse chanyowa ngakhale mu Juni mmene kumazizirira kuno. Apongozi akuti ndikayezetse TB, abambo akunyumba akuti ndayamba nkhanza poti ana ndikumawakalipira pa zazii. Dzulo mu minibasi yopita ku Limbe ndinatsegula windo anthu onse nkundiyang'ana. Alipo zinamuchitikirapo?

Nesi wopuma:
Pepani mayi, simuli nokha. Zikuoneka kuti thupi likukonzekera kusiya kusamba, amayi ambiri zimawafikira pakati pa zaka 45 ndi 55 pamene mahomoni a estrogen akuchepa, ndiye kutenthako, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, ngakhale kuuma kumusi zimachokera pamenepo. Timati mwasiyiratu mukatha miyezi 12 osaona kanthu, isanakwane mimba mutha kutenga ndithu ndiye zakulera musasiye. Apongoziwo sanalakwenso, ngati pali chifuwa kapena mukuonda kayezetseni. Koma ichi gwiritsitsani: mukadzasiya kenako magazi nkubweranso, musadikire, thamangani ku health centre kapena ku Queens akakuoneni khomo la chiberekero.

Anti a ku Bangwe:
Ine zinandiyamba ndili 49 ndipo chinandipweteka si thukuta ayi, ndi zokamba za anthu. Azakhali anandiuza kuti ukasiya kumwezi usamagonenso ndi bambo, akuti zija zimaunjikana mimba nkutupa, ndinasamukira kuchipinda kwa ana chaka chathunthu banja linatsala pang'ono kutha! Adokotala ndi amene anandimasula kuti ndi bodza. Tikatha msinkhu anankungwi amatilangiza, pa ukwati alangizi mbwee, koma pa izi aliyense duu, ngakhale ku Mvano sitizikamba. Panopa ndimagona ndi botolo la madzi pambali, tiyi wamadzulo ndi tsabola ndinachepetsa, zikupepukako.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri anesi ndi anti, mtima wakhala pansi. Lolemba ndilawirira ku chipatala ndipo abambowa ndiwatenga akamve okha, ine ndikawafotokozera amangoti ndi BP.