Kukonza fulati yakale kuti mkati mukhale mwamakono: tiyambire pati?

Mwinifulati:

Moni nonse. Ine ndi mkazi wanga tagula fulati ya pansanjika yachitatu m'nyumba yomangidwa cha m'ma 1900. Siling'i yake ndi yaitali, pafupifupi mamita atatu ndi theka, m'mphepete mwake muli zokongoletsa za pulasitala, ndipo kunsi kwa kapeti tapeza matabwa ang'onoang'ono oyalidwa mopingasa ngati minga ya nsomba. Ife timakonda zamakono: makoma oyera, makabati osalala, khitchini yolumikizana ndi pabalaza. Mmisiri amene tinamuitana akuti tigwetse khoma la pakati pa zipinda ziwirizi, ndiponso titsitse siling'i kuti mawaya ndi nyale zibisike m'menemo. Mtima wanga ukukayika, chifukwa siling'i yatsopanoyo idzaphimba zokongoletsa zimene zinatikopa tsiku loyamba. Kodi inu amene munakonzapo nyumba zotere munayambira pati?

Mmisiri_wopuma:

Bambo, za makabati ziyambe zadikira, muyambe ndi zimene maso saona. Khomalo lisakhudzidwe mpaka injiniya wa zomangamanga ataliona, chifukwa m'nyumba za nthawi imeneyo ngakhale khoma lopyapyala, limene linamangidwa kungogawa zipinda, nthawi zina limakhala litayamba kusenza mitanda ya pamwamba imene yakhala ikuwerama kwa zaka zambirimbiri, ndipo mukaligwetsa ming'alu imakaonekera kwa anzanu okhala pamwamba. Akavomera, padzafunika mtanda wachitsulo ndi chilolezo cha oyang'anira nyumba yonseyo.

Zitseko ndi mafelemu a mawindo musazipale ndi sandipepala musanayezetse penti wake, popeza penti wakale amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa ana. Ku America analetsa penti wotereyu m'nyumba zogonamo mu 1978, ndipo ku France nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1949 imayenera kuyezedwa mtovu isanagulitsidwe. Samalaninso ndi asibesitosi, ulusi wochokera m'miyala umene fumbi lake limawononga mapapo, amene kawirikawiri anabwera ndi okonza a m'zaka za pambuyo pake: amabisala m'matailosi akale a pulasitiki, m'guluu wake ndi m'zokutira mapaipi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi simenti. Makoma akale a njerwa ankamatidwa ndi laimu, amene amalola chinyezi kutuluka. Mukamatapo simenti kapena penti wotseka ngati pulasitiki, chinyezicho chimasowa njira. Ndinakonzapo chipinda chimene mmisiri wina anamata chotero, ndipo patangotha zaka ziwiri, ndikagogoda khoma ndi chala linkalira ngati ng'oma, kuseri kwa kabati kuli chuku chokhachokha. Mawaya atsopano ndi ofunikadi, koma angadutse kunsi kwa matabwa ndi kuseri kwa thabwa la m'munsi mwa khoma, siling'i osaikhudza.

Wokonda_zakale:

Ndikugwirizana ndi a Mmisiri, koma ndilankhulepo za maonekedwe. Anthu ambiri amaopa kuti zakale ndi zamakono zidzalimbana, choncho amagula makabati atsopano ojambulidwa ngati akale, ndipo mapeto ake chenicheni ndi chongoyerekeza sizidziwikanso. Chikalata cha ku Venice cha 1964, chimene chimatsogolera okonza nyumba za mbiri, chimanena kuti chowonjezera chizigwirizana ndi chakale koma chizidziwika kuti ndi chatsopano. Inde, chinalembedwera zipilala ndi nyumba zotchuka, osati fulati ya munthu wamba, komabe nzeru yake imagwira. Katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Italy, Carlo Scarpa, pokonza nyumba yakale ya malinga yotchedwa Castelvecchio mumzinda wa Verona, anasiya kampata pakati pa pansi patsopano ndi makoma akale, kuti chilichonse chiime pachokha.

Ine ndinachita zomwezo m'khitchini mwanga. Makabati aatali ndinawaimitsa masentimita 40 kunsi kwa zokongoletsa za siling'i, kotero kuti mzere wa pulasitala umazungulira chipinda chonse osaduka, ndipo khitchiniyo imaoneka ngati katundu woikidwa m'chipinda, amene wobwera pambuyo panga angamuchotse osagumula kanthu. Khoma, zokongoletsa ndi siling'i ndinazipaka mtundu umodzi wosanyezimira. Madzulo nyale yapakhoma ikayaka, mithunzi yokha ndiyo imaonetsa masamba osemedwa aja. Tinyale tobowolera mu siling'i sindikukulangizani, chifukwa pa mamita atatu ndi theka kuwala kwake kumafika pansi kutafooka, pamwamba n'kusiya mdima. Matabwa apansiwo apalidwe pang'ono chabe, pakuti kupala kulikonse kumawadya, ndipo mafuta a matabwa amawayenera kuposa vanishi wonyezimira.

Wapansanjika_yachiwiri:

Mayi Wokonda_zakale mwanena bwino, koma tisachite ngati chakale chilichonse n'chopatulika. M'bafa ndi m'khonde la mkati, mmene nthawi zambiri mulibe zokongoletsa, siling'i itsitsidwe ndithu, mapaipi ndi mawaya abisike m'menemo. Bafa lisapite kutali ndi paipi yaikulu yotsitsa madzi oipa, apo ayi mudzakweza pansi kuti madzi apeze potsetsereka. Khitchini yotsegula imafunanso chokokera utsi chotulutsira panja, ndipo kuboola khoma la kumaso kwa nyumba yakale nthawi zambiri salola.

Za kapeti ndikuchenjezeni, Bambo, popeza zinandionekera. Nditachotsa yanga, agogo okhala pansi panga anayamba kumva phazi lililonse, mpaka supuni ikagwa, ndipo ndinakakamizika kuzula matabwa a chipinda chogona kuti ndiyale zoletsa phokoso, ntchito imene ikanakhala yopepuka ndikanaichita pachiyambi. Muwerenge malamulo a nyumba yanuyo musanazule msomali ndi umodzi womwe.

Mwinifulati:

Zikomo kwambiri nonse. Injiniya anabwera dzulo, ndipo atazula thabwa limodzi kwa anzathu a pamwamba anapeza kuti mitanda iwiri yatsamiradi pa khoma lija. Tagwirizana zongotsegula khomo lalikulu la mamita awiri, pamwamba pake n'kuikapo chitsulo, kuti zokongoletsa za zipinda zonse ziwiri zisaduke. Siling'i titsitsa ya m'bafa yokha. Tizidutswa ta penti wa pazitseko tatumiza kokayezetsa, ndipo zotsatira zikabwera ndidzafunsanso za njira yabwino yomuchotsera.