Za chipilala cha Bambo Boucher Chisale

aPhiri (wapampando): Moni nonse a kwathu ku Mua ndi Mtakataka, ndi inu a ku Joni amene mumangowerenga osayankha. Loweruka tinagwirizana kuti tichitepo kanthu polemekeza Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe waluso lojambula wa ku mishoni ya Mua. Ganizo lomwe labwera ndi lomanga chipilala pamphambano yolowera ku mishoni. Tiyankhuleni.

Nabanda: Ine ndavomera kale. Munthuyu anachoka ku Canada kubwera kuno 1967, mu 1976 nkuyambitsa Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe ku Mua, ndiye mwana wanga wobadwira mtauni anadziwira Chadzunda ndi Kasiyamaliro ku Chamare Museum komweko, anakakamira pa zojambula zapakhoma zija kufunsa ichi nchani ichi nchani mpaka minibasi kutisiya 😂

aJere: Koma abale, munthu wa burashi ndi penti mukamulemekeze ndi simenti? Chaka chisanathe mbuzi zizikakandirapo msana, pamwamba atamatapo mapepala a asing'anga obweza mwamuna wothawa. Ndalamayo tigule penti, mapepala ndi tchizulo, tipeze mmisiri aziphunzitsa ana masana akaweruka.

Nabanda: aJere nthawi zonse kutsutsa basi

aJere: Sindikutsutsa achemwali, ndikuti dzanja la ana lisazizire.

Gogo Mbewe: Ana anga, ndiponyepo. Bambowo anagwira ntchito, palibe angakane. Koma zigoba za gule zili mu Chamare Museum zija anazitola patchire? Panali madoda amene anamukhazika pamphasa nkumufotokozera, panali anyamata osema amene manja anachita zikang'a. Mukalemba dzina limodzi lokha mizimu itiseka. Ndipo mafumu mwawauza? Za kudambwe sizikambidwa pa WhatsApp.

aPhiri (wapampando): Zamveka agogo, kwa mafumu tipita ndithu tisanakumbe ngakhale dzenje.

Mphwanga wa ku Joni: Tilipo bwana sitinagone 🙏 Ine ndili mbali ya aJere. Dedza yomweyi tili ndi Chongoni, malo 127 a zojambula zapamiyala, UNESCO inawazindikira 2006, koma afunseni ana athu ngati anakafikako. Bwanji ana akaphunzira ajambule okha khoma lalikulu, Bambo Chisale pakati, osema ndi madoda aja mmbalimu, maina onse pansi?

Nabanda: Khomalo ndiye la ndani? Ndipo dzinja likadutsa penti nkusuluka adzapakenso ndani, inu muli ku Joni?

Msungichuma: Musanakangane za khoma, amene sanapereke ya mwezi watha alipo 9. Ndiyambe kutchula maina?