Tifunse ndani tisanapange masewera a pa foni ophunzitsa chiyankhulo?

Wofunsa, Ulónguè:
Akuluakulu, ndife achinyamata amene tikufuna kupanga pulogalamu ya pa foni yothandiza ana a m'boma la Angónia ku Mozambique kuwerenga Chinyanja ndi kuyamba Chipwitikizi kudzera m'masewera. Tisanayambe ntchitoyi, kodi tifunse ndani, ndipo timufunse chiyani, kuti pulogalamuyo isadzakhale yachilendo kwa ana athu?

Mphunzitsi wopuma, Furancungo:
Yambani ndi aphunzitsi a makalasi a ziyankhulo ziwiri, pakuti kuno ku Tete ntchito ya zamaphunziro yotchedwa PEBIMO inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro oterewa analowa m'sukulu za boma mu 2003. Funso loyamba likhale la kalembedwe. Mabuku a kuno amalemba "cimanga", pamene a ku Malawi amalemba "chimanga", ndipo mwana wa kufupi ndi Calómuè, pa malire ndi Malawi, amaona zonse ziwiri. Mukasankha mosafunsa, pulogalamu yanu idzamuuza mwana kuti walakwa pa chimene aphunzitsi ake anamuchongera. Ine ndikuti tsatirani buku la m'kalasi.

Musadalirenso mapepala a mafunso okha, chifukwa mwana amayankha zimene akuganiza kuti mlendo akufuna kumva. Khalani nawo madzulo, muone mmene amasewerera phada ndi fulaye, mumvenso ndagi: wina akati "Ndagi!" anzake n'kuti "Gize!", ndipo olephera amalipira ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho. Malamulo a masewera anu alimo kale mmenemo.

Mayi wa ana, Tsangano:
Bambo mphunzitsi anena zoona, koma kumbukiraninso kuti foni ya pakhomo ndi imodzi, ndipo masana imapita ku munda wa mbatatesi kapena ku msika. Funsani makolo nthawi imene mwana amaigwira, ndipo pulogalamuyo izigwira ntchito popanda intaneti, chifukwa palibe amene adzagula mayunitsi a Movitel tsiku lililonse kuti mwana asewere.

Mkulu wa ku Chifunde:
Ana inu, mudzafuna kuikamo gule wamkulu, popeza UNESCO inamuzindikira mu 2005. Musajambule chilombo chilichonse musanakhale pansi ndi mafumu ndi akulu a dambwe, amene adzakuuzani zoyenera kuonetsa ndi zosayenera. Dziwaninso kuti mabanja ena achingoni ndi ena opemphera sadzalola mwana kutsegula gawo limenelo, choncho likhale loti kholo lingathe kulitseka.