"Khoswe akakhala pamkhate sapheka": bwanji osati saphedwa?

Mdzukulu wa ku Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni mwambi uwu. Choyamba, mkhate n'chiyani kwenikweni? Ine ndinakulira m'tauni, zomwe ndimadziwa ndi ndowa ndi beseni. Chachiwiri, bwanji amati sapheka osati saphedwa? Ndaumva posachedwa amalume akukamba nkhani ya mbuzi zomwe zinasowa m'khola la agogo. Aliyense ankadziwa kuti wagulitsa ndi mwana wa m'nyumba momwemo. Amalume anangoponya mwambiwu, anthu n'kugwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo. Kodi ankati tisamulange, kapena ankati tikufuna kumulanga koma zatikanika?

Gogo wa ku Ntchisi:
Mdzukulu wanga, mkhate ndi mphika wadothi waukulu, wa kukamwa kotambalala. Kwathu kuno unali wosambira. Mayi amatereka madzi pamoto, akatentha n'kuthira mumkhate, n'kukauika kubafa ya udzu kuti bambo wa pakhomo asambe. Sunali wobwereketsa kwa aneba ngati nsengwa ayi.

Ndiye uganizire mmene umapezekera. Woumba akakumbe dothi la mtapo kudambo, alisinje, achotse timiyala, aumbe, akulungize ndi nkhulungo, audikire uume pamthunzi masiku angapo, kenaka awotche. Pamoto pomwepo ina imang'aluka, ntchito yonse n'kupita pachabe. Tsono khoswe uja wakuthera chimanga m'nkhokwe, wamuthamangitsa ndi mpini m'manja, iye n'kukwera pamlomo pa mkhate n'kumakuyang'ana. Dzanja limaima lokha m'malere. Palibe amene wakugwira.

Mphunzitsi wopuma:
Agogo amaliza ndi mawu omwe ayankha kale funso lachiwiri: palibe amene wakugwira. Mawu akuti saphedwa akanakhala lamulo, monga tinena kuti mwana wa mfumu sanyozedwa pagulu. Pamenepo pali anthu omwe angathe kuchita chinthucho koma aletsedwa. Pomwe sapheka salozera munthu aliyense. Akungoti kuphako sikuchitika, mmene zinthu zakhaliramo.

Ku sukulu izi tinkaziphunzitsa pa msintho wa aneni. Mneni mmodzi, swa, amapereka swedwa ndi sweka. Mwana akabwera nati mbale yaswedwa, mumafunsa nthawi yomweyo kuti ndi ndani. Akati mbale yasweka, wadzichotsamo, ndipo ana amadziwa zimenezi asanayambe n'komwe sitandade 1. Yesani kunena kuti mbale yasweka dala, kapena mbale yasweka ndi mlongo wanga mukutanthauza kuti iyeyo ndiye waswa. Khutu limakana. Akatswiri a ziyankhulo Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango analemba za kusiyana kumeneku m'Chichewa mu 1996, ndipo Sam Mchombo naye anakufotokoza m'buku lake la malamulo a Chichewa la 2004.

Kamchira aka ka kumapeto kwa mneni, -eka kapena -ika, kamagwira ntchito ziwiri. Nthawi zina kamanena mmene chinthu chakhalira: yasweka, wapindika, zaonongeka. Nthawi zina kamanena ngati chinthu chingatheke: nsima iyi sikudyeka, msewu wa kwathu dzinja suyendeka, munda wa miyala sulimika. Mu mwambi wathuwu ndi ntchito yachiwiriyi.

Za -eka ndi -ika, mvetserani lembo la liwu la m'tsinde. Likakhala e kapena o timamva -eka: pezeka, oneka, konzeka. Likakhala a, i kapena u timamva -ika: gawika, dziwika, gulika. Aneni afupiafupi aja, pha, dya, mwa, mva, tha, onse amatenga -eka.

Wa geni ya ku Mbeya:
Aphunzitsi, zomwe mukunenazi ndimakumana nazo ndikaoloka Songwe. Chiswahili chili ndi kamchira komweka, ndipo lamulo la malembo a liwu ndi lomwelo: vunja, vunjika (kuthyoka), soma, someka (kuwerengeka), fanya, fanyika (kuchitika). Chomwe chinandiimitsa mutu ndi mwambi womwe mayi wina wogulitsa zitenje anandiuza katundu wanga atanyowa ndi mvula: maji yakimwagika hayazoleki. Ndinaseka ngakhale mtima unali kuwawa, chifukwa ndi wathu uja, madzi akatayika saoleka. Mwagika ndi tayika, zoleka ndi oleka, michira iwiri yonse ili m'malo mwake.

Kusiyana komwe ndaona n'kwakuti pa aneni ena iwo amawonjezera -ana kumapeto. Ife timati oneka, iwo onekana. Ife dziwika, iwo julikana. Ife theka, iwo wezekana, ndipo haiwezekani ndi mawu omwe mudzawamva pamsika mukatsitsa mtengo mopyola. Mukaimbira munthu foni yake itazima, kamayi ka mufoni kamati hapatikani, komwe kuno kamati sakupezeka.

Koma chenjerani ndi funika. Kwathu chinthu chofunika ndi chomwe simungachite popanda icho. Mswahili akati funika akukuuzani kuti vundikirani.

Wa ku Joni:
Kuno Chizulu chilibe zosankha ngati zathu, chimangoti -eka basi kaya tsinde lili ndi lembo lanji. Thanda, thandeka. Vula, vuleka. Lahla, lahleka. Funa wathu yemweyu iwo amati funeka pomwe ife timati funika. Ndipo amatchulira ana mayina: Thandeka ndi wokondeka, Thembeka ndi wokhulupirika. Palinso kamchira kena, -akala: bona ndi kuona, bonakala ndi kuoneka, zwa ndi kumva, zwakala ndi kumveka.

Pa nkhani yodzichotsamo ija, achimwene aphunzitsi, ndikukuvomerezani. Pa ntchito ndalama zikasowa m'kabati mumva imali ilahlekile, ndalama zatayika. Wotaya palibe, wotenga palibe.

Mdzukulu wa ku Dedza:
Zikomo nonse. Koma aphunzitsi, nanga goneka? Ndikati ndagoneka mwana, wochita alipo, ndine. Lamulo lanu lija lathyoka?

Wobadwira ku Mbare:
Achemwali, mwatchula liwu lomwe limatisokoneza ife obadwira ku Harare kwa makolo a ku Malawi. M'Chishona kugona ndi kutha kuchita chinthu, kukhoza. Zvinogoneka ndiye kuti n'zotheka, hazvigoneki n'zosatheka. Agogo anga aamuna ankasekera m'kati akamva mnansi akutamanda mwana wake kuti anogona chikoro. Mnansiyo akuti mwana ndi wanzeru kusukulu, agogo akumva kuti amakagona m'kalasi. Kamchirako n'komweko: ita, itika, ndiye kuchitika kwathu.

Mphunzitsi wopuma:
Silinathyoke, mwana wanga, koma wagwira malo abwino. Michira ilipo iwiri yofanana nkhope. Wina ndi uja takambayu. Winawo umatanthauza kuika chinthu mwa mtundu wina wake: gona, goneka, ima, imika, vala, veka, tsamira, tsamika. Yanika ndi pachika ali m'gulu lomweli. Mchira umenewu umafuna wochita ndi chochitidwa, ndipo nthawi zambiri uli ndi mnzake wobweza: yanika ndi yanula, monga Mswahili amati anika ndi anua. Funika wa ku Mbeya uja ndi wa gulu ili, wobweza wake ndi funua, ngati vundikira ndi vundukula. Choncho sikuti Aswahili anapotoza liwu lathu. Ndi mawu awiri osiyana omwe anangogundana mamvekedwe.

A. E. Meeussen wa ku Belgium, pofufuza chiyankhulo chomwe chinabala ziyankhulo za Chibantu, analemba michira iwiriyi payokhapayokha mu 1967. N'chifukwa chake mukuipeza ku Tanzania, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ngakhalenso m'Chibemba, momwe mona ndi kuona, moneka ndi kuoneka. Sitinabwerekane dzulo. Tinachoka nayo kumodzi.

Goneka yekhayo amatha zonse ziwiri. Ndagoneka mwana ndi kuika. M'nyumba muno simugoneka ndi udzudzu ndi kutheka kuja.

Wa ku Tete:
Kuno azungu athu, Apwitikizi, anatisiyira kamchira ka -vel. Pampopi alemba água potável, madzi omweka, ndipo possível ndi chotheka. Chingerezi chili ndi -able ngati mu drinkable, ndipo zonsezi n'zochokera ku Chilatini. Koma zawozo zimangofotokoza dzina, sizisuntha. Wathu amakhalabe mneni, amayenda ndi nthawi: sanapheke dzulo, sakupheka lero, adzapheka akatsika.

Mayi wa ku Chipata:
Adzapheka akatsika, mawu amenewo ndi omwe ndimadikira. Ine mwambiwu sindiukonda mmene akuugwiritsira ntchito masiku ano. Mwana wasiye akalandidwa munda ndi amalume ake, khoswe wa pamkhate. Ndalama za chipukuta misozi zikadyedwa ndi mkulu wa pabanja, khoswe wa pamkhate. Mtsikana akalakwiridwa ndi wachibale, anthu n'kumati tisaswe mkhate. Mkhate wake uti, mwanayo si ndiye wasweka kale? Aphunzitsi atiuza kuti -eka amachotsa wochita. Ndiye vuto lake ndi lomwelo. Amene ananena mwambiwo ndi amene wasankha kusachitapo kanthu, koma chiganizo chake chikumveka ngati zangochitika zokha monga mvula.

Gogo wa ku Ntchisi:
Amayi a ku Chipata, pa za mtsikanayo sinditsutsa ngakhale pang'ono, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, osati ya miyambi. Koma pa za mbuzi, mverani mmene akale ankauyankhulira. Sankaunena kwa wolakwiridwa kuti akhale chete. Ankaunena wolakwayo ali pomwepo, akumva. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kutchedwa khoswe pamaso pa alongo ake, mumayesa n'kumukhululukira kumeneko? Amamuuza kuti takuona, chakupulumutsa ndi mayi ako, osati kuchenjera kwako. Ndipo anthu sankabalalika asanagwirizane kuti mbuzi zibwezedwa liti.

Mdzukulu wa ku Dedza, kawafunse amalume akowo ngati anatchula tsiku lobweza. Ngati sanatchule, amayi a ku Chipatawa akunena zoona.

Mdzukulu wa ku Dedza:
Sanatchule, agogo. Anangoti zikambidwa tikakolola.

Mayi wa ku Chipata:
Zikambidwa, osati zikambika. Pamenepo ndiye wokamba alipo, ndi iwowo. Muwakumbutse mwezi wa Meyi.