Prado, Discovery 4 kapena Pajero? Ndithandizeni ndisanataye ndalama

BamboAwoTiya49

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga osalemba koma lero ndasowa pogwira ndiye ndati ndifunse eni ake a magalimoto. Pakhomo tilipo ine, madam ndi ana anayi, wamkulu ali Form 2 wamng'ono wangokwanitsa zaka ziwiri, kuphatikizapo mayi anga omwe amakhala ku Ntchisi koma mwezi ndi mwezi ndimayenera kukawatenga kudzaonana ndi adokotala ku Lilongwe kuno. Kwawo kwa madam ndi ku Rumphi kumtunda kwa Bolero uko, ndiye Disembala aliyense ulendo ulipo ndithu osathawika.

Panopa ndimayendera Sienta. Mtauni ilibe vuto, koma mu February muno inandichititsa manyazi, tinatitimira pa dambo patatsala pang'ono kufika kumudzi, mayi ali mkati akudwala, mvula ikugwa, anyamata asanu ndi mmodzi kukankha mpaka bampa yakutsogolo kusomoka ndiye kuwalipira onsewo. Tsiku limenelo ndinalumbira.

Zomwe zili patsogolo panga ndi izi. Prado 150 TX ya petulo 2.7, ya 2013, yochokera ku Japan kudzera pa Dar. Discovery 4 ya dizilo, ya 2014, alamu anga a ku Leeds ndi amene aipeza ndipo mtengo wake ukungopitirira pang'ono theka la wa Prado, mipando yachikopa, chilichonse chamagetsi, madam ataona zithunzi nkhani kwa iwo inatha kale. Ndiye pali Pajero 3.2 ya dizilo ya 2012 yomwe akugulitsa bambo ena konkuno, msonkho unalipidwa kale, yayenda ndithu koma ndaiyendetsapo ikumveka bwino. Mtima wanga uli pa Discovery sindinama. Koma ndikangoitchula anzanga amaseka ngati ndanena zolaula. Chavuta ndi chani kwenikweni, kapena ndi mantha chabe a anthu omwe sanaikwerepo?

Sipanala_wa_pa_Biwi

Akulu, ine ndimadyera m'manja mwa eni magalimoto amenewa ndiye ndikuuzani zomwe ndimaona pansi pa galimoto osati za pa chithunzi.

Discovery 4 ndi galimoto yokoma kukwera kuposa zinzake ziwirizo, pamenepo palibe angatsutse. Pa mabampu imangoyandama chifukwa ilibe masipuling'i achitsulo, imakhalira matumba a mpweya mawilo onse anayi, ndipo pali ka compressor kopopera mpweyawo ndi masensa oyeza kutalika. Zonsezo zikamagwira ntchito mumamva ngati nduna. Koma galimoto ya 2014 matumbawo akalamba, rabala yauma yayamba ming'alu, ndipo thumba likamadontha mpweya compressor imangolira osapuma mpaka kupsa, mawa lake mudzuka mupeza galimoto yagwada pansi ngati ng'ombe yodwala. Zikakuchitikirani ku Area 49 ndi nkhani yaing'ono, muyimba foni tibwera ndi kompyuta. Zikakuchitikirani kumtunda kwa Bolero mudzafuna lole yoinyamula.

Chachiwiri injini. Ya 3.0 V6 ija ili ndi timing belt kutsogolo ndi lamba wina kumbuyo woyendetsa pampu ya mafuta, ambiri amasintha wakutsogolo yekha wakumbuyoyo nkumuiwala poti ndi wovuta kufikira. Komanso injini imeneyi imadziwika ndi nkhani yothyoka crankshaft, si zonse ayi, zambiri zimayenda mpaka kukalamba, koma ikakugwerani palibe zokonza, ndi kugula injini ina basi. Ndipo ntchito zina zikuluzikulu monga za ma turbo amachita kunyamula bodi yonse kuichotsa pa chasisi, ndiye muwerenge magalaji angati kuno ali ndi chonyamulira chotero.

Prado ya 2.7 ndi yaulesi, ndisakunamizeni. Injini yake ndi yamasilinda anayi yomwe ija ya mu Hilux ndi Hiace za petulo, ikukoka bodi yolemera matani awiri ndi kuposa, ndipo ya 2013 ili ndi magiya anayi okha, asanu ndi limodzi anabwera mu 2015. Pokwera Chiweta mutadzaza banja mudzaimva ikulira, ma minibasi nkumakupitirirani. Koma ili ndi tcheni osati lamba, ilibe turbo, TX ili pa masipuling'i wamba, ndipo mwana aliyense wogwira sipanala kuyambira Nsanje mpaka Chitipa anaitsegulapo injini imeneyo. Fyuluta, mabuleki, mabushi, mukangoyenda pa Biwi pano mphindi khumi mwapeza, zenizeni ndi zachinyengo zomwe, musankha nokha.

Pajero musaipeputse. Injini yake, ya 4M41, ndi yolimba, yaphokoso ngati thalakitala m'mawa koma imapirira. Mubwere nayo ndiione kunsi musanapereke kanthu.

NaChisale_Leicester

Achimwene inu a Sipanala mwanena zoona koma mwaopseza mopitirira kkkk. Ife kuno tili ndi Discovery 4 chaka chachisanu tsopano, ana atatu ndi agogo awo, ndipo chomwe sindingasinthanitse ndi mipando iwiri yakumbuyo ija. Munthu wamkulu amakhala bwinobwino mawondo osagunda pachibwano, denga ndi lalitali, mawindo aakulu mwana sachita nseru. Chitseko chakumbuyo chimatseguka pawiri, chammunsicho chimakhala ngati benchi, posintha mwana thewera panjira kapena kudya nsima ya m'kontena ndi pomwepo. Mu Prado mzere wachitatu ndi wa ana basi, ndinakwerako ku Malawi chaka chatha kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Mangochi ndinatsika miyendo itachita dzanzi.

Koma kusiyana kwake ndi koti ife kuno chikawonongeka chinthu timaitanitsa pa intaneti mawa lake chafika pakhomo, ndipo magalaji odziwa Land Rover yokhayokha ali paliponse. Inu kumeneko mudzadalira alamu anuwo kuti azikutumizirani, ndiye mudzifunse ngati chibale chanu chingapirire mafoni a usiku opempha sensa.

Ngati mwatsimikiza, awuzeni alamuwo achite zinthu ziwiri. Atenge nambala ya galimotoyo alowe pa tsamba la boma la kuno loonera mbiri ya MOT (kuyeza galimoto chaka ndi chaka ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu), ndi laulere, limaonetsa mamailosi a chaka chilichonse ndi zonse zomwe oyeza anadandaula nazo, ngati mita inabwezedwa mudzaonera pomwepo. Chachiwiri agwade ayang'ane kunsi ndi tochi. Kuno nthawi yozizira amathira mchere m'misewu ndiye galimoto imatha kuwala pamwamba kunsi dzimbiri litadya mapaipi a mabuleki ndi chasisi. Ndipo afunse malisiti oonetsa kuti malamba onse awiri anasinthidwa, osangomva pakamwa. Kutchipa kwakeko sikuti azungu ndi opusa ayi, akudziwa ndalama zomwe zikubwera kutsogolo.

MayiWaMapasa_BT

Ine ndiyankha ngati mayi amene amalongedza katundu, poti abambo mumangoona injini. Tili ndi Prado 150 ya ku Japan ya mipando isanu ndi iwiri. Mukadzutsa mipando iwiri yakumbuyo ija malo a katundu amatha, mumatsala ndi kampata kolowa zikwama ziwiri za sukulu ndi ka cooler box mwina. Ndiye inu ndinu anthu asanu ndi mmodzi, mayi akakwera asanu ndi awiri, mipando yonse yadzadza, nanga thumba la ufa, mbatata, nkhuku ya apongozi ndi masutikesi a Disembala zikhala pati? Ife tinachita kuika keriya padenga ndipo galimoto ikalemedwa pamwamba pa makona imapendama, amuna anga amachita kuyenda pang'onopang'ono pa Zalewa road ana nkumadandaula. Vuto limeneli lili pa zitatu zonsezo kungoti Discovery ili ndi bodi yabokosi ndiye imapezako mpata.

Onaninso bwino chifukwa ma TX ena ochokera ku Japan ndi a mipando isanu yokha, anzathu ena anaitanitsa osayang'anitsitsa zithunzi anazindikira galimoto ili pa Songwe.

Za mafuta, 2.7 imamwa, makamaka mtauni ndi AC. Tanki yake ndi ya malita 87, ndiye nthawi ya mizere ija mukaima pa filling station akukuuzani kuti aliyense malita owerengeka, singano siisuntha nkomwe. Za ku South Africa zokhala ndi tayala pachitseko chakumbuyo zili ndi matanki awiri okwana malita 150, zimenezo ndiye zabwino pa ulendo wa ku Rumphi koma mtengo wake ndi wina. Ine ndimaisiya pakhomo mkati mwa sabata, ana ndimakawatula pa ka Vitz. Sienta yanuyo musagulitse ngati mungathe, mudzandithokoza.

Chimodzi chomwe chinatipweteka ife si galimoto koma munthu. Tinapita nayo pa galaji ina kuti asinthe oyilo wa giya, anathira wolakwika, patangotha sabata magiya anayamba kugunda, tinawononga ndalama zambiri kutsukitsa kwina. Kuyambira pamenepo oyilo timagula tokha ndipo amuna anga amaima pomwepo mpaka botolo lithe.

Mzuzu_Boy_4M41

Aise tengani Pajero muzipita. Mitsubishi inapambana mpikisano wa magalimoto wa Dakar kakhumi ndi kawiri, si masewera. Super Select yake mumatha kuyenda pa mawilo awiri pa tala kupulumutsa dizilo, mvula ikayamba mumalowetsa anayi galimoto ikuyenda osaima, pomwe Prado ndi Discovery zimakoka anayi nthawi zonse. Mpando wa mzere wachitatu umapindika nkulowa pansi osaoneka, koma ndi waung'ono kuposa wa Prado, wa ana a pulayimale. Ine yanga yakwera Golodi kupita ku Livingstonia kosawerengeka, Nyika mpaka ku Chelinda nthawi ya dzinja, sinandigonetsepo kutchire. Chovuta ndi choti anasiya kupanga mu 2021 ndipo masipeya ake sapezeka mwachisawawa ngati a Toyota, zina ndimaitanitsa ku Joni kapena ku Dar, ndipo tsiku logulitsa anthu amakunyozerani mtengo. Koma inu mukugula kuti muziyendera kapena muzigulitsa?

Kaliati_wa_pa_Boda

Palibe watchula msonkho ndiye ndilowererepo. Mtengo womwe alamu anu akukuuzani ku Leeds ndi wa galimoto ili pabwalo ku Leeds. Muwonjezere sitima, za padoko, dalaivala kapena lole yochokera ku Dar, ajenti, kenako MRA. Ndipo MRA imayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ikakhala yakale komanso ya injini yaikulu msonkho umakwera, komanso ali ndi mitengo yawo yomwe amayerekezera, sikuti angokhulupirira invoisi yanu chifukwa mwagula motchipa kwa mnzawo wa alamu. Pitani mukafunse chiwerengero cha galimoto zonse ziwiri musanatumize ngakhale tambala, anthu ambiri galimoto zawo zimagona miyezi pa boda chifukwa anawerengera theka. Ndalama zakunjanso muganizire, chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akudziwa mmene kupeza dola kubanki kukuvutira, ndipo sipeya iliyonse ya Discovery idzafuna mapaundi.

Ya ku Japan muumirire pepala la okushoni lenileni, giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, mukaona R dziwani kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Ogulitsa ena amabisa pepalalo dala.

Ndipo wina asakunyengeni kuti onjezerani ndalama mutenge Prado ya dizilo 2.8 yoyambira 2015 osakuuzani kuti ya ku Japan ili ndi DPF (sefa ya utsi) komanso imafuna AdBlue (mankhwala amadzi oyeretsera utsi). Ndi yamphamvu zedi kuposa 2.7, koma ngati ntchito yake ndi Area 49 kupita ku City Centre tsiku ndi tsiku sefa ya utsi ija siipeza mpata wodziwotcha, imatsekeka. Land Cruiser V8 ndiye musaiganizire nkomwe, za ku Japan zonse ndi za petulo, 4.6 kapena 4.7, zimafuna munthu amene mafuta amamulipirira ndi ofesi.

BamboAwoTiya49

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri ndipo ndawapatsa madam foni awerenge okha, pa mawu a mayi a ku Leicester oti azungu si opusa anangoti hmm osayankha kkkk. Ndawatumizira alamu uthenga kuti aone za MOT ndi malisiti a malamba, ayankha kuti mwini wake akuti malisiti anasowa posamuka nyumba, ndiye mukuona kale.

Za mipando isanu zija mayi a mapasa mwandipulumutsa, ndabwerera pa zithunzi za Prado ija ndipo kumbuyo kukuoneka kapeti yokhayokha, ndawafunsa ogulitsa anditumizire chithunzi china ndi pepala la okushoni. A Sipanala, Loweruka m'mawa muli pa galaji? Bambo a Pajero avomera kuti tibwere nayo koma akuti pofika 11 akhale atabwerera, ali ndi ukwati ku Area 18. Ndibwera ndi mpando wa mwana ndi wamkulu wa Form 2 uja tidzamukhazike kumbuyo tione ngati miyendo ikukwana.

Sipanala_wa_pa_Biwi

Ndilipo kuyambira 7. Muwauze asailize m'mawa, mukaitenge injini ili yozizira muone utsi woyamba nokha, ndipo asaitsukitse kunsi.